Pemphero la pachakudya lisathere pa Amen

Lachisanu likafika, makamaka kumapeto kwa mwezi ndi m'nyengo ya Khirisimasi, msewu wochokera pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay umakhala ndi mdipiti wa galimoto za anthu a m'tauni. Ena amakhotera ku Nkopola, ena ku Makokola, ndipo ena amapitirira mpaka ku Nkhudzi, kumene nyanja idalowa m'kati mwa mtunda patsinde pa phiri. Dzuwa likabisala kuseri kwa mapiri, matebulo amayalidwa pafupi ndi mchenga, makala amayaka, ndipo fungo la chambo chootcha limafika pamphuno chakudyacho chisanafike patebulo. Abwenzi amene adasiyana kalekale amakhala mozungulira, mpunga wa Kilombero uli apo, tsabola wa kambuzi ali apo, nkhani ndi phwete zili m'kamwa.

Pa matebulo oterewa, kaya ndi kunyanja kaya ndi m'malo odyera apamwamba a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pamakhalanso Akhristu ambiri: akuluampingo, amayi a m'mabungwe a mpingo, oyimba kwaya ndi achinyamata amene angoyamba kumene ntchito. Nkhaniyi imautsa mtsutso m'makomo mwathu. Ena amati munthu woopa Mulungu sangamwaze ndalama pa mbale imodzi ya nsomba pamene anansi ake akugona ndi njala. Ena amati ndalama ndi thukuta la mwini wake, choncho pasapezeke womufunsa m'mene wadyera. Maganizo anga ndi akuti kudya bwino pamodzi ndi abwenzi ndi mphatso yoyenera kuilandira mokondwa, koma mphatso imeneyi imabwera ndi udindo, ndipo udindowo umayambira pa pemphero limene timapereka tisanayambe kudya.

Tiyambe ndi chimwemwecho. Malembo sadana ndi phwando. Pa Deuteronomo 14:22-27, Aisraele okhala kutali ndi malo opembedzera adaloledwa kugulitsa chakhumi cha zokolola zawo, kunyamula ndalamazo pa ulendo, ndi kukagula chakudya chimene mtima wawo wafuna kuti akadye mosangalala pamaso pa Mulungu pamodzi ndi mabanja awo. Chizindikiro choyamba cha Ambuye Yesu chidachitikira pa ukwati ku Kana, ndipo Iye adadya m'nyumba za anthu kawirikawiri mpaka adani ake adamunena kuti ndi wadyera. Munthu amene amaona tchimo pa tebulo lililonse lokonzedwa bwino akufuna kuposa Mbuye wake pa chiyero.

Ubwenzi nawonso umafuna nthawi ndi malo. Makolo athu adali ndi chidyerano: mabanja ankabweretsa nsima ndi ndiwo pamalo amodzi, anthu nadyera limodzi, ndipo mwana wamasiye kapena nkhalamba yopanda woiphikira sinkagona ndi njala. Moyo wa m'tauni udatilanda bwalo limeneli. Lero anthu amene adakulira limodzi amatha chaka chonse akungolonjerana pa foni. Akapatula madzulo amodzi kuti akhale pansi, ayang'anane m'maso ndi kufunsana za ana, za matenda ndi za ntchito, achita chinthu chokoma. Mabanja ena ogwedezeka adalimba chifukwa mnzawo wina adapeza mpata wolankhula mawu oyenera pa chakudya chotere.

Tsono tibwere ku pemphero. Mbale zikafika timaweramitsa mitu, ndipo nthawi zambiri timapempha Mulungu kuti adalitse chakudyacho pamodzi ndi manja amene achikonza. Kodi manja amenewo ndi a yani? Tikanena Amen, kodi timawakumbukiranso?

Wokhala patebulo ku Nkhudzi sasowa kowaona. Akakweza maso usiku wopanda mwezi amaona nyali zili ngwee pamadzi, ngati mudzi woyandama. Amenewo ndi asodzi a usipa: siginala ali m'bwato ndi nyali zake kukopa nsomba, alovi akudikira kuponya chilimira. Ena adatchera matchera madzulo ndipo adzakawonjola m'bandakucha, kuyembekeza chambo ndi kampango. Ntchito imeneyi ndi yoika moyo pachiswe. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira nyanja imasanduka chilombo, ndipo m'midzi ya m'mbali mwake muli amayi amasiye amene amuna awo adapita kokoka osabwerako. Kawirikawiri mlovi alibe malipiro a pamwezi. Amagawana ndi anzake zimene zatsala mwini zipangizo akachotsa zake, ndipo tsiku lopanda nsomba amabwerera chimanjamanja. Kumtunda kuli amayi amene amadikira padooko, kugula, kupala mamba, kutumbula ndi kuyanika pa mathandala. Pambuyo pawo pali wophika amene waima pamoto kuyambira masana, wotsuka mbale amene sitidzamuona nkhope, ndi mtsikana kapena mnyamata amene watiperekera chakudya akumwetulira ngakhale miyendo ikuwawa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mbale imodzi ya chambo yasenzedwa ndi mitu yambiri.

Udindo woyamba uli pa nsombayo. Chambo ndi nsomba ya nyanja yathu, ndipo kaberekedwe kake n'kodabwitsa. Yaimuna imakumba chisa pamchenga pansi pa madzi. Yaikazi ikaikira mazira imawatola ndi kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa, ndipo imapitiriza kuteteza tianato m'kamwa momwemo isanatisiye m'madzi osaya, m'mabango. Choncho wopha chambo chachikazi pa nyengo yoswana wapha mazana a nsomba nthawi imodzi. Wokoka khoka pamchenga amaphwasula zisa, wogwiritsa ntchito neti ya udzudzu amakokolola tiana, ndipo wodula mabango kuti gombe la alendo lioneke loyera wagwetsa nyumba yolereramo ana.

Zotsatira zake tidaziona kale. Nyanja ya Malombe, imene ili kumwera kwa boma la Mangochi pa mtsinje wa Shire, idali nkhokwe ya chambo, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 nsombayi idatsala pang'ono kutheratu kumeneko. N'chifukwa chake mu 1993 boma lidayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madooko kuti asodzi eni ake atengepo mbali poteteza nsomba, ndipo mu 1997 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano loyendetsera ntchito za usodzi. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi pa dziko lonse, lidaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutha. Malamulo amaletsa kupha chambo chosafika masentimita 15, ndipo boma limatseka usodzi wa makoka pa nyengo yoswana, imene imakhudza miyezi ya Novembala ndi Disembala. Taonani tsono: nthawi imene nsomba ikufuna mtendere ndi yomweyo imene alendo amasefukira kunyanja ndi njala ya chambo.

N'kosavuta kuloza chala msodzi. Koma msodzi amapha chimene wogula akufuna. Kasawala, ana a chambo, sakadapezeka pamsika pakadapanda womugula. Pa Deuteronomo 22:6-7 pali lamulo laling'ono limene ambiri timalidumpha: munthu akapeza chisa cha mbalame panjira, asatenge make pamodzi ndi ana, make amuleke apite. Mulungu amene adasamala za mbalame ya m'chisa sangakhale wosasamala za nsomba yonyamula ana m'kamwa. Nzeru yomweyi ilipo pakati pathu. Pa chilumba cha Mbenje m'boma la Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi kwa miyezi ingapo chaka ndi chaka kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amalemekeza mwambowu chifukwa amaona phindu lake nyanja ikatsegulidwa.

Choncho Mkhristu wokhala patebulo ali ndi ufulu, ndiponso udindo, wofunsa mwaulemu kuti nsombayo yachokera kuti. Ku Mangochi komweko kampani ya Maldeco idayamba kuweta chambo m'zikwere za m'nyanja, ndipo alimi ambiri m'dziko muno ali ndi maiwe a nsomba. Pa nyengo yoswana munthu angathe kusankha nsomba yoweta, kapena nkhuku ya chikuda, kapena nyama ya mbuzi, madzulo ake osawonongeka. Mbale ikabwera ndi tinsomba tosakhwima, kunena mofatsa kwa woyang'anira malowo kuti zimenezi sizikukondweretsani ndi ulaliki wokwanira. Eni malo odyera amamva msanga mawu a wogula kuposa mawu a pa wailesi. Tikapanda kutero, adzukulu athu adzangomva mbiri ya chambo ngati nthano, ndipo nkhuyu zimene tadya ife zidzapota iwo.

Udindo wachiwiri uli pa wotiperekera chakudya. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu idakwera m'sitolo ndi m'misika momwe. Mu 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Aliyense amene adalipirapo bilu ya anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi pa malo apamwamba m'chaka chimenecho awerengere yekha kuti madzulo amodzi adadya gawo lanji la mwezi wa munthu wolandira malipiro otere. Sindikunena izi kuti chakudya chiwawe m'kamwa. Ndikunena kuti tione munthu amene waima patsogolo pathu.

Zimamvetsa chisoni kuona anthu amene angotsiriza kumene kupemphera akuitana woperekera zakudya ndi likhweru, kumukalipira chifukwa supuni yachedwa, kapena kumulankhula mawu achipongwe mtsikana amene ali msinkhu umodzi ndi mwana wawo. Kalata ya Yakobo imadzudzula mpingo umene umapereka mpando wabwino kwa wovala mphete ya golide ndi kukhazika wosauka pansi, ndipo imachenjeza olemera amene amamana antchito malipiro awo. Kunena kuti "achimwene" kapena "achemwali", kufunsa dzina, kuthokoza, ndi kusiya kangachepe m'dzanja la amene wakutumikirani usiku wonse, ndi mbali ya pemphero lija. Ambiri mwa antchito a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi abale athu Achisilamu. Uthenga umene adzawerenge pa za chikhulupiriro chathu ndi khalidwe limene tionetse patebulo.

Udindo wachitatu uli pakati pa abwenzi eni ake. Si onse okhala patebulo amene matumba awo ndi ofanana. Alipo amene amavomera ulendo wa kunyanja chifukwa cha manyazi, nakatenga katapila kapena kubwereka ku banki m'khonde, ndalama ya fizi ya mwana ili pakhomo. Alipo amene amaitanitsa chakudya chodula kuti anzawo awaone, chithunzi chipite pa Facebook, theka la mbale libwerere kukhitchini. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Mtumwi Paulo adadzudzula Akhristu a ku Korinto chifukwa pa chakudya chawo cha pamodzi ena ankakhuta ndi kuledzera pamene ena ali ndi njala, osauka nachita manyazi (1 Akorinto 11:17-22). Bwenzi lenileni limanena poyera ulendo usanayambe kuti ndani alipira chiyani, limasankha malo amene onse angakwanitse, ndipo likakhala ndi zambiri limalipirira mnzake mwakachetechete, osaimba lipenga. Kupatsa n'kuika. Ndipo chotsala m'mbale chisatayidwe. Ambuye atadyetsa anthu 5,000 adalamula kuti makombo atoledwe, ndipo adadzaza mitanga 12.

Wina adzafunsabe kuti, kodi sikukadakhala bwino kungokhala pakhomo ndi kupereka ndalama yonseyo kwa osowa? Funsoli ndi lolemera, ndipo pali nyengo zimene yankho lake ndi inde: pakhomo pakakhala ngongole, m'bale akagona m'chipatala, kapena mnansi akasowa ufa. Koma tikumbukirenso kuti malo odyera a ku Nkhudzi, Nkopola ndi Cape Maclear akakhala opanda alendo, woyamba kulira ndi wophika, mlonda, mayi wogulitsa tomato ndi mnyamata wosema ziboliboli. Zimenezi zidaoneka mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 udaimitsa maulendo, antchito ambiri a m'mahotela nabwerera kumudzi. Lamulo lija la pa Deuteronomo 14 lidalola phwando, koma lidakumbutsa wodyayo kuti asaiwale Mlevi amene adalibe munda. Chimwemwe ndi chifundo zidaikidwa m'mbale imodzi. Banja limene lingakwanitse chambo cha ku hotela lingakwanitsenso thumba la chimanga la gogo wa kuseri kwa nyumba.

Pa Yohane 21 timawerenga za chakudya china cha m'mbali mwa nyanja. Ophunzira adagwira ntchito usiku wonse osapha kanthu, ndipo kutacha adapeza Ambuye woukitsidwa atasonkha moto wa makala, nsomba ili pamoto, buledi ali pambali. Wolemekezeka kuposa onse ndiye adaphikira asodzi otopa ndi kuwagawira chakudya. Atakhuta, ndipamene adamupatsa Petro ntchito yosamalira nkhosa zake.

Okondedwa awerengi, mukapeza mpata wokhala ndi abwenzi pa tebulo labwino, pitani ndi mtima woyera, idyani ndi kuseka. Funsani za nsomba imene mwapatsidwa, lemekezani wokutumikirani, tetezani ulemu wa mnzanu wa thumba lopepuka, ndipo pobwerera kunyumba mukumbukire khomo limene utsi sunafuke tsiku limenelo. Mukatero, manja aja mudawatchula m'pemphero adzakhala atadalitsikadi, ndipo Mulungu adzakhala atawadalitsa kudzera mwa inu.