Liu la "hooligan" lisakhale ndodo ya amphamvu

Masiku ano mukatsegula nyuzipepala ya Cingelezi kapena kumvera wailesi, simulephera kumva liu lakuti "hooligan". Andale alikonda kwambiri, apolisi naonso cimodzimodzi. Koma kodi tonse tidziwa tanthauzo lake?

Liuli linafala m'manyuzipepala a ku London m'caka ca 1898, polemba za magulu a anyamata amene anali kumenya anthu ndi kuphwanya katundu m'miseu. Akatswiri ena aganiza kuti linacokera ku dzina la banja la ku Ireland lakuti Houlihan. Motero hooligan ndi munthu waciwawa, woononga mtendere wa anzake pagulu. Si aliyense wokweza mau ai.

Pali pamene liuli linayenera. Mu 1985 pa bwalo la Heysel ku Brussels, ocemerera Liverpool anathamangitsa ocemerera Juventus, cipupa cinagwa, ndipo anthu 39 anafa. Matimu a ku England analetsedwa kusewera m'mipikisano ya ku Ulaya kwa zaka 5.

Koma mu 1989 pa bwalo la Hillsborough ku Sheffield anthu anapanikizana, ndipo ngoziyo inatenga miyoyo 97. Apolisi anafulumira kuloza cala ocemerera kuti anali oledzera ndi osamvera. Mabanja anamenyera coonadi zaka 27, kufikira mu 2016 pamene bwalo lofufuza za imfazo linagamula kuti ocemerera analibe mlandu, zolakwa zinali za apolisi. Ku Russia nako, mu 2012 akazi atatu a gulu loimba la Pussy Riot anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 2 pa mlandu wa "hooliganism", ataimba motsutsa Vladimir Putin m'chalichi ku Moscow.

Apa pali phunziro kwa ife a Zambia. Mnyamata woponya miyala pa bwalo la mpira ndi hooligan. Kada wolanda ndalama za amai mumsika kapena womenya kondakita pa siteshoni ndi hooligan, kaya wavala malaya a cipani citi. Koma wophunzira wofunsa mwamtendere ndalama zake za cakudya, kapena wanchito wodandaula za malipiro ocedwa, ameneyo ndi nzika imene ifuna yankho.

Munthu akangochedwa hooligan, palibenso womvera dandaulo lake, ndipo akamenyedwa anthu amati wadziputira yekha. Ncifukwa cake tipempha atolankhani anzathu kuti wamkulu aliyense akachula liuli, amufunse: munthuyo waphwanya ciani, ndipo wamenya ndani? Ngati yankho palibe, liulo lisalembedwe.