Zinsinsi za ku cipatala zisathere m'lamya

Akuluakulu akumbukira mmene zinalili mu 2004, pamene mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa m'makiliniki a m'makomboni muno mu Lusaka. Munthu wa mu Mtendere anali kukwera basi kukatenga mankhwala ake ku Matero, kusiya kiliniki ya pafupi ndi nyumba, poopa kuti pa mzere angakumane ndi mnansi amene atunga naye madzi pa pompi imodzi. Khadi lake anali kulikulunga m'pulasitiki ndi kulibisa pansi pa matilesi. Lero munthu yemweyo ali ndi lamya ya m'manja, ndipo khadi lija alijambula yekha ndi kulitumiza kwa anthu amene sanawaonepo nkhope.

Tsiku lina ndinaima pa kabuthi kotumizira ndalama pafupi ndi msika wa mu Kanyama. Mai wina wacikulire anapatsa mnyamata wa pa buthi lamya yake kuti amuikiremo kapulogalamu, timeneti anyamata acha ma app. Anamva kuti kakumbutsa nthawi yomwa mankhwala ndi kusunga mapepala a ku cipatala. Kapulogalamuko kanafuna cithunzi ca citupa, nambala ya NHIMA ndi kapepala ka mankhwala. Mnyamata anafunsa kuti, "Amai, kakuti tivomere zonse. Ndivomere?" Iwo anati, "Vomera cabe mwanangu, ndicedwa ku msika."

Kodi maiyu anapereka ciani? Tiyeni tione bwino.

NHIMA ndi bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2018. Kuyambira mu 2019 wa pa nchito adulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, ndipo womulemba nchito aikapo 1 peresenti inanso. Mukalandira thandizo pa nambala yanu, cipatala kapena sitolo ya mankhwala itumiza kalata yofuna malipiro ku NHIMA, ndipo m'kalatamo muli dzina lanu, zimene anakupimani ndi mankhwala amene munapatsidwa. Pa nambala yomweyo palinso akazi anu kapena amuna anu ndi ana amene munalembetsa. Motero wopereka mbiri imeneyi saulula zake zokha ai. Aulula za nyumba yonse, ngakhale za mwana amene sanafunsidwe.

Ndiponso kapepala ka mankhwala kalankhula kokha. Wodziwa akaona TLD adziwa kuti muli ndi kalombo ka HIV, akaona metformin adziwa kuti mudwala shuga. Safunika kukufunsani.

Mbiri imeneyi ikakhala ku kiliniki ya George kapena ku cipatala ca Chawama, m'mafaelo kapena m'makompyuta a SmartCare a Unduna wa Zaumoyo, ili ndi alonda ake. Nasi kapena dokotala woulula matenda a wodwala angathe kuimbidwa mlandu ndi kulandidwa cilolezo ca nchito. Sindinena kuti onse asunga pakamwa, ai. Tonse tinamvapo madandaulo. Koma munthu wotere ali ndi dzina ndi pomupeza. Nanga mwini wa kapulogalamu kamene munakalandira pa WhatsApp mudzamupeza kuti?

Ku America, kumene ma app otere ndi ambiri, anaziona kale. Lamulo lao losunga zinsinsi za odwala limanga zipatala ndi makampani a inshuwalansi, koma wodwala akasamutsira yekha mbiri yake ku app imene wasankha, kawirikawiri lamulolo silitsatira mbiriyo kumeneko. Mu 2021 boma la dzikolo linazenga kampani ya Flo, mwini wa app imene azimai alembamo masiku ao a kumwezi ndi za pakati, cifukwa copereka nkhani zimenezi ku makampani monga Facebook ndi Google, pamene inalonjeza kuti idzasunga cinsinsi. Mu 2023 kampani ya GoodRx inalipitsidwa madola 1.5 miliyoni cifukwa couza otsatsa malonda za mankhwala amene anthu anali kufuna. Amenewa ndi makampani odziwika, okhala ndi maofesi ndi maloya.

Kwathu kuno lamulo lilipo. Data Protection Act ya mu 2021 iika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la nkhani zofunika kusamalidwa koposa, ndipo ilamula kuti nkhani zotere zisungidwe m'makompyuta a muno m'dziko. Ipatsanso munthu ufulu wofunsa zimene kampani isunga zokhudza iye, wobweza cilolezo cake, ndi wopempha kuti zifafanizidwe. Ndi lamulo labwino. Koma kunena zoona, mai wogulitsa tomato mu Kalingalinga sangalondole kampani ya kutsidya kwa nyanja, ndipo mau aatali a Cingelezi amene anavomera ndi cala cimodzi sanawawerenge. Cilolezo cotere ine sindiciyesa cilolezo. Cifukwa ca ici ndiganiza kuti NHIMA ndi Unduna wa Zaumoyo ayenera kulengeza pa wailesi, m'Cinyanja ndi m'zilankhulo zina, maina a ma app amene awavomereza, kuti otsalawo tiwadziwe kuti ndi alendo.

Ena adzati, nanga si ma app athandiza? Inde athandiza. Wodwala BP woiwalaiwala afunikadi comukumbutsa. Koma cokumbutsa cifuna ola cabe, osati citupa kapena nambala ya NHIMA, ndipo belu ya m'lamya mwanu icita nchito yomweyo kwaulere. App ikapempha zoposa nchito yake, dziwani kuti zotsalazo ili nazo pozigulitsa kapena pozigwiritsa nchito ina.

Cenjeraninso ndi ma app a kaloba, obwereketsa ndalama mwamsanga. Ambiri apempha kuona zithunzi ndi manambala a anzanu onse, ndipo mukacedwa kubweza ayamba kutumiza mauthenga kwa abale ndi a ku chalichi. Ngati khadi la ku kiliniki lili pakati pa zithunzizo, mwawapatsa ndodo yokumenyerani. Mu 2023 Google inaletsa ma app a ngongole a mu Play Store kuona zithunzi ndi manambala a anthu, koma amene abwera pa ulalo wotumizidwa ndi mnzanu sadutsa pa cipata cimeneco. Wina akaimba lamya kunena kuti ndi wa ku NHIMA ndipo afuna PIN yanu, dulani. Mukafunse ku ofesi kapena ku cipatala.

Mai wa ku Kanyama uja ndinamufotokozera pang'ono zimenezi. Anakhala cete, kenaka anati, "Mwanangu, kacotse." Mnyamata anakacotsa, koma anawauza mosabisa kuti kucotsa app m'lamya sikufafaniza zimene zatumizidwa kale, pafunika kulembera eni ake kuti azifafanize. Tinafunafuna adilesi yao pa lamya ija, ndipo sitinaipeze.