Ana Athu Amdziwe Daniel Kachamba

Mphunzitsi atalowa m'kalasi ku Ndirande kapena ku Bangwe nafunsa kuti Daniel Kachamba anali yani, kodi ndi ana angati angakweze manja? Tiri ndi mantha kuti ndi owerengeka. Komatu munthu ameneyu anabadwira ku Limbe komweku m'chaka cha 1947, ndipo anaimba m'miseu ya Blantyre momwe anawo ayendamo lero.

Ali mnyamata, Daniel anakakhala ndi makolo ake ku Salisbury, mzinda umene tsopano uchedwa Harare. Kumeneko zinali zitafala nyimbo za kwela zochokera ku Johannesburg. Atabwerera kwao ku Singano, ku Chileka, anayamba gulu loimba ndi mng'ono wake Donald, mkulu pa gitala, mng'ono pa chitoliro, mnzao pa babatoni, chija cha chingwe chimodzi chomangika pa bokosi. M'chaka cha 1967 katswiri wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anawapeza alikuimba mu Blantyre, nayamba kujambula nyimbo zao. Mu 1972 anakaimba ku Ulaya, ndipo mu 1974 buku la Kubik lonena za gulu lao linatuluka m'Chingerezi. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001.

Ena adzati: "Woimba wa m'miseu alowe bwanji m'sukulu, pamene nthawi ya masamu ndi kuwerenga iri yoperewera kale?" Mau amenewa si opanda pake, koma tiwayankhe motere.

Choyamba, moyo wa Kachamba ndi phunziro la mbiri ya dziko lathu. Mwana amene amvetsa chimene chinapereka banja la ku Chileka ku Salisbury wamvetsanso za ulendo wa amuna zikwizikwi amene anapita ku Rhodesia ndi ku Joni kukafuna nchito, nabwerako ndi magitala ndi magalamafoni. Ambiri a iwo ndi agogo a ana omwewa.

Chachiwiri, abale awiriwa sanangotengera za eni. Anatenga kwela naiumba mwa njira yao, kufikira akatswiri a kutali anadza kudzaphunzira kwa iwo. Mnyamata wa ku Chilomoni amene akhoma banjo ya chitini ayenera kumva kwa mphunzitsi wake kuti nchito ya manja akeyo siiri yochititsa manyazi.

Tsono sitilikupempha phunziro latsopano ai. M'sukulu za pulaimale muli kale phunziro la Expressive Arts. Chofunika nchakuti a Malawi Institute of Education ku Domasi, amene akonza mabuku a ana, aikemo mbiri ya Kachamba pamodzi ndi ya Allan Namoko ndi Robert Fumulani. Koma aphunzitsi asadikire buku. Mphunzitsi wamkulu wa ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri angathe kuitana nkhalamba imene inaona Daniel alikuimba kuti idzasimbire ana, nawamvetsa nyimbo imodzi, nawauza apange babatoni wao. Zimenezi sizilira ndalama zambiri.

Chotifulumiza ndi ichi: amene anali anyamata mu 1967 tsopano apitirira zaka 70, ndipo chaka ndi chaka alikutisiya. Tikazengereza, mdzukulu wofuna kudziwa za woimba wa kwao adzayenera kukafunsa ku Vienna. Akulu anati m'mera mpoyamba. Aphunzitsi ndi inu a m'maofesi a maphunziro, nchito iyi iri m'manja mwanu.