Ndalama za Zokolola Zisagone M'nyumba

Caka ciliconse cimanga, thonje, nshawa ndi fodya zikayamba kupita kumsika m'maboma a Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, mbala nazonso zimadzuka. Mlimi amene anagwira khasu kuyambira mvula yoyamba angathe kutaya thukuta lake lonse usiku umodzi. Pamenepo ana asowa zofunika kusukulu, ndipo feteleza wa munda wa caka camawa sagulidwa.

Tinene zoona: kawirikawiri mbala sicokera kutali. Imadziwa kuti m'nyumba muli ndalama cifukwa inamva. Bambo akalandira malipiro a cimanga amayamba wadzera kumowa, natulutsa mpukutu wa makwaca pamaso pa anthu. Pofika madzulo mudzi wonse wadziwa. Ndalama zobisidwa m'denga la udzu, mumtsuko kapena pansi pa mphasa zilibe mlonda, ndipo mbala ikalephera kuzipeza, moto ndi ciswe zidzazipeza.

Conco langizo lathu loyamba ndi ili: ndalama zambiri zisagone m'nyumba. Ziikeni ku banki kapena mu foni, ndi kumatapako zocepa zofunika pa tsikulo. Koma foni nayonso ili ndi mbala zake. Nambala yacinsinsi ya PIN ndi yanu nokha. Musauze munthu aliyense, ngakhale wokuimbirani amene adzicha wanchito wa Airtel, MTN kapena Food Reserve Agency. Uthenga wokuuzani kuti mutumize ndalama pa nambala yacilendo muuyese msampha kufikira mutamva mau a mbale wanuyo ndi makutu anu.

Laciwiri likhudza ziweto, pakuti ng'ombe ndiyo banki ya mlimi ndi khasu lake lomwe. Khola limangidwe pafupi ndi nyumba, ng'ombe ziikidwe cizindikiro, ndipo ziwerengedwe m'mawa ndi madzulo. Lamulo la dziko lino silicita cifundo pa mlandu umenewu: wakuba ng'ombe amamangidwa zaka zosacepera 5, ndipo zingathe kufika 15. Nayenso wogula ng'ombe yotsika mtengo usiku, yopanda makalata a ofesi ya za ziweto ndi a polisi, adziwe kuti kulandira katundu wakuba ndi mlandu. Mbala ikasowa wogula, imaleka nchito yake.

Lacitatu ndi la mudzi wonse, cifukwa mutu umodzi susenza denga. Pocoka kupita kumaliro kapena kucipatala, tsazikani kwa mnansi wanu, ndipo musasiye kiyi pansi pa mwala wapakhomo, kumene mwana aliyense adziwa. Mlendo wofuna pogona ayambe waonekera kwa a nyakwawa, monga anali kucitira makolo athu. Anyamata odzipereka kulonda usiku agwirizane ndi mafumu ndi a polisi, amene amayankha pa nambala ya 991.

Tiyeneranso kucenjeza za cinthu cimodzi. Mbala ikagwidwa, iperekedwe m'manja mwa a polisi. Kumenya kapena kutentha munthu woganiziridwa si cilungamo ai. Nthawi zina womenyedwayo amakhala wosalakwa, ndipo amene anaberedwa mbuzi m'mawa angagone m'ndende madzulo pa mlandu wakupha, ana ake natsala opanda wowalimira.

A polisi sangaime pa khomo lililonse, koma khomo lililonse lili ndi anansi. Mnzanu akakuwa usiku musafunde bulangete kumutu. Tulukani nonse ndi nyali zanu, pakuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.