Kolona si Chithumwa



Ife a kuno ku Thyolo palibe angatipusitse pa nkhani ya tiyi. Tinabadwira pakati pa minda yake, ndipo ambiri mwa ife tinaphunzira sukulu ndi ndalama zimene amayi athu ankapeza atabereka dengu kumsana kuyambira mbandakucha. Mwana wa ku Satemwa, ku Makandi, ku Naming'omba kapena kwa Conforzi amakula akudziwa kuti tsamba lofunika ndi lanthete: masamba awiri a kunsonga ndi kamphukira kake. Amadziwanso kuti munthu atha kudzaza dengu msanga ndi masamba okhwima ndi timitengo, n'kuyala anthete pamwamba, koma akafika pa sikelo kapitawo amapisa dzanja mpaka pansi, chinyengo chonse n'kuonekera. Funso lathu sabata ino ndi ili: ngati pa tiyi tili ndi maso akuthwa chotere, bwanji pa za Mulungu timalandira chilichonse chimene chayalidwa bwino pamwamba?

Tinene mosapsatira mawu. Ambiri mwa ife tinaleka kufunafuna Mulungu weniweniyo. Chimene tikusaka ndi zinthu zonunkhira ngati Mulungu, zopezeka msanga, zosatifunsa kuti tisinthe moyo. Zinthu zoterezi zilipo zambiri, koma lero titchulepo zitatu.

Choyamba ndi botolo. Ndani mwa ife sanamvepo za madzi odzozedwa, mafuta odzozedwa, kapena timapepala tomata pa chitseko tokhala ndi nkhope ya mneneri? Alipo anzathu amene m'mawa Lamulungu amakhala nafe pa Misa, masana ake n'kukwera minibasi kukafola pa mzere wa "kufesa mbewu" kuti ntchito ipezeke, ukwati uoneke, kapena ulendo wa ku Joni utheke. Malonda amenewa si achilendo. Mu Ntchito za Atumwi mutu 8 timawerenga za Simoni wa ku Samariya, munthu amene kale ankachita zamatsenga. Iye anabatizidwa ndithu, koma ataona atumwi akusanjika manja pa anthu, anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu Woyera. Petulo sanamunyengerere: anamuuza kuti mtima wake sunali wolungama pamaso pa Mulungu, ndi kuti alape. Mpaka lero Mpingo umatcha tchimo logula kapena kugulitsa zinthu zauzimu ndi dzina lochokera kwa Simoni yemweyo. Chisomo chikakhala ndi mtengo wolembedwa pa botolo, dziwani kuti m'botolomo mulibe chisomo.

Komatu kuloza chala anthu a mipingo ina n'kosavuta. Chachiwiri chili m'nyumba mwathu momwe. Kolona imalendewera pakhosi pathu, pagalasi la minibasi, pachiwongolero cha njinga yamoto ya kabaza. Tidzifunse moona: tinaipemphera liti komaliza? Ena timaivala pokalemba mayeso a MSCE okha, zotsatira zikatuluka n'kuiponya m'chikwama. Ena timamangirira medulo m'chiuno mwa khanda pamalo pomwe agogo athu ankamangapo mphinjiri, ndi maganizo omwewo: kuti kachitsuloko pakokha kali ndi mphamvu yobweza zoipa. Madzi odalitsidwa timawaza m'nyumba pothamangitsa afiti, koma m'nyumba momwemo mwatha miyezi itatu bambo ndi mayi osalankhulana. Pa Lachitatu la Phulusa tchalitchi chimadzaza mpaka ena kuimirira panja. Koma ansembe akakhala kudikira anthu odzalapa, amabwera ndi agogo owerengeka. Phulusa timalifuna chifukwa limaoneka pamphumi. Kulapa timakuthawa chifukwa kumafika pansi pa dengu.

Chachitatu ndi phokoso. Pa Facebook ndi pa WhatsApp timalandira zithunzi za Ambuye Yezu zotiuza kuti tilembe "Amen" kapena titumizire anthu khumi, akuti tikatero dalitso lifika mawa lisanathe. Timalemba, mtima n'kukhala pansi ngati tapemphera. Ngakhale mu kwaya, imene ndi utumiki wolemekezeka, msampha womwewu ulipo. Timadziwa sitepe iliyonse, yunifolomu timaisita bwino, chikho cha mpikisano timachilimbira usiku ndi usana. Koma nthawi ya ulaliki ikafika ena timatuluka kukayankha foni. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina afunsa: "Kodi si Mpingo womwe umatipatsa kolona, medulo, phulusa ndi madzi odalitsidwa? Nanga mukuzinyozeranji?" Sitikuzinyoza ayi. Ndi zinthu zoyera, ndipo tizisunge mwaulemu. Koma Mpingo umene umazidalitsa ndi womwenso umatiuza ntchito yake. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene anatuluka mu 1992, amaphunzitsa pa ndime 1670 kuti zizindikiro zimenezi sizipereka chisomo monga m'mene amachitira masakramenti, koma zimatikonzekeretsa kuti tichilandire ndi kugwirizana nacho. Pa ndime 2111 amachenjeza kuti munthu akamaganiza kuti pemphero kapena chizindikiro choyera chigwira ntchito chifukwa chongochichita kunja, mtima uli kwina, wagwa kale m'chikhulupiriro chamatsenga. Ndiye kuti chinthu choyera chitha kusanduka chithumwa m'manja mwa mkhristu wobatizidwa.

Aisraele anaziona zimenezi. Pa 1 Samuele mutu 4, atagonja kwa Afilisti, sanakhale pansi kudzifunsa za moyo wawo. Anangotuma anthu ku Silo kukatenga Bokosi la Chipangano, poganiza kuti likakhala pakati pawo Mulungu akakamizika kuwamenyera nkhondo. Anafuula mpaka dziko kugwedezeka. Chinatsatira n'chiyani? Asilikali 30,000 anaphedwa, ana awiri a wansembe Eli anafa, ndipo Bokosi lomwelo linalandidwa. Ngati Bokosi la Chipangano silinathe kumanga Mulungu manja, kolona ya pagalasi ndiye ingathe?

Chenjezo limeneli si lachilendo kwa ife a kuno kum'mwera. Ansembe a chipani cha Montfort, amene anafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901 n'kufalitsa chikhulupiriro cha Katolika m'chigawo chino, anali ana auzimu a Louis-Marie de Montfort Woyera, amene anamwalira ku France mu 1716. Munthu ameneyu ankakonda kolona kuposa tonsefe, komabe m'buku lake lonena za kudzipereka koona kwa Amayi Maria anatchula mitundu isanu ndi iwiri ya opembedza onyenga. Pakati pawo pali opembedza kunja kokha, odzidalira amene amapitiriza machimo pokhulupirira kuti kolona iwapulumutsa, ndi ofuna phindu amene amakumbukira Amayi Maria pokhapokha mlandu kapena matenda zikawapana. Iye anaonanso kuti wopanga ndalama zachinyengo sataya nthawi ndi zitsulo zachabechabe. Amafanizira golide ndi siliva basi. Chimodzimodzi mdani wathu: amafanizira zinthu zopambana. Choncho kuchuluka kwa zonyenga sikutanthauza kuti chenicheni kulibe. Kukutanthauza kuti chenichenicho n'chamtengo wapatali.

Sitikulemba izi ngati anthu osadziwa mavuto. Tikudziwa chimene chimathamangitsira munthu ku botolo. Ntchito yothyola tiyi imachuluka nyengo ya mvula, chilimwe chikafika ambiri amabwerera kunyumba opanda kanthu. Malo olima ndi ochepa, pakuti nthaka yabwino yambiri ili pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, pamene makolo athu ankagwira thangata. Wachinyamata wa satifiketi m'manja amatha zaka akungoyendayenda pa Luchenza kapena pa Bvumbwe. Munthu wotere ukamulonjeza chozizwitsa cha mawa, amvera. Sitikumuweruza. Koma n'chifukwa chake malonda amenewa ali oipa kwambiri: amadya thukuta la mayi amene wakhala tsiku lonse mvula ili pamsana. Ndipo Mpingo wathu unationetsa kale njira ina yoyankhira umphawi. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi munawerengedwa kalata ya maepiskopi imene inadzudzula poyera malipiro osakwanira, kusiyana kwa olemera ndi osauka, ndi kutseka anthu pakamwa. Maepiskopiwo anaopsezedwa, koma dziko linasintha. Iwo sanagawe mafuta, ananena choona.

Mwina wina akuganiza kuti nkhaniyi ndi yaing'ono, yongokhudza kapembedzedwe ka munthu payekha. Mbiri ya boma lathu lino ikutsutsa zimenezo. Chikhulupiriro chachithumwa chimayenda limodzi ndi mantha, ndipo mantha amapha. Mu Disembala 2002, m'chaka cha njala, mphekesera za anamapopa zitafala, kuno ku Thyolo munthu anaphedwa ndi miyala, ndipo ansembe atatu a Katolika anamenyedwa ndi anthu owaganizira kuti ndi opopa magazi. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera zomwezo zinabukanso ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, kuno ku Thyolo, ku Chiradzulu, ku Nsanje mpaka mu mzinda wa Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Tsono taganizani: m'madera onsewa mudzi uliwonse uli ndi nyumba yopemphereramo. Anthu ogenda miyalawo sanatsike kumwamba kapena kutuluka pansi. Anali anthu a m'midzi ngati yathu, yomwe Lamulungu imamveka nyimbo mbali zonse. Usiku wa mantha utafika, dzanja linapisidwa m'dengu, ndipo pansi panapezeka timitengo.

Yerekezani ndi Benedict Daswa wa ku South Africa, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale, bambo wa ana 8, wa m'mudzi wa Mbahe m'dera limene lero ndi chigawo cha Limpopo. Kumayambiriro kwa 1990 mphezi zitaotcha nyumba m'mudzimo, akuluakulu analamula kuti aliyense asonkhe marandi 5 okalipira sing'anga woti aloze mfiti. Daswa anakana. Anafotokoza kuti mphezi ndi chilengedwe, ndi kuti chikhulupiriro chake sichimulola kusonkhera chinthu chimene chithere pa imfa ya munthu wosalakwa. Pa 2 Febuluwale 1990 anamubisalira panjira, n'kumugenda ndi kumumenya mpaka kufa. Mpingo unamutcha Wodala pa 13 Seputembala 2015. Kulimba mtima kotere sikugulidwa pa mzere, ndipo sikumera usiku umodzi. Kunachokera m'zaka zambiri za pemphero, Misa, kuphunzitsa katekisimu ndi kuthandiza osauka. Woyenda ndi Mulungu tsiku ndi tsiku ndiye amatha kuima yekha mudzi wonse ukanyamula miyala.

Nanga kuyandikira Mulungu kwenikweni kumaoneka bwanji? Apanso munda wa tiyi utiphunzitse. Mbande ikabzalidwa pamapita zaka isanayambe kuthyoledwa, ndipo mtengo wake amaudulira nthawi ndi nthawi kuti uphuke masamba anthete. Mlendo ataona munda wodulidwa kumene angaganize kuti wawonongeka, koma mlimi amadziwa chimene akuchita. Ambuye Yezu ananena zomwezi pa Yohane mutu 15: Atate amadulira nthambi yobala kuti ibale koposa, ndipo nthambi siibala ikachoka pa mtengo. Botolo limalonjeza zipatso popanda kudulira. Mulungu salonjeza zimenezo. Chimene Iye amapereka ndi Iye mwini, ndipo amene wamupeza amaleka kuopa chilichonse chokhwekhwereza usiku. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tisamalize ndi mawu okha. Sabata ino tiyeni tiyese zinthu zinayi. Tivule kolona pakhosi, tiigwire m'manja, tipemphere ngakhale gawo limodzi lokha mofatsa, tikusinkhasinkha za moyo wa Ambuye. Tipite ku Sakramenti la Kulapa, tikanene tchimo lenileni lija takhala tikulibisa pansi pa timachimo tating'ono. Tifike kutchalitchi Misa isanayambe, foni titazimitsa, tikhale chete pamaso pa Yezu wa mu Ukaristia kwa mphindi khumi, osamuwerengera zofuna zathu zokha koma kumumvera. Ndipo tikapezeke ku mphakati, kumene Mawu a Mulungu amawerengedwa pakati pa anthu otidziwa bwino, kenako tikaone wodwala kapena nkhalamba ya m'dera lathu, makamaka imene anthu amainong'oneza kuti ndi mfiti. Ndalama imene tikanagulira mafuta tigulire nkhalambayo sopo ndi shuga.

Palibe mwa zinthu zinayizi chimene chidzatipatse ntchito mawa m'mawa, ndipo sitikunamizani kuti chidzatero. Koma tsiku likubwera pamene aliyense wa ife adzatula dengu lake pamaso pa Mwini munda. Iye sadzaona zoyalidwa pamwamba zokha.

Tipemphere: Ambuye Yezu, tikhululukireni pamene tasandutsa mphatso zanu kukhala zithumwa. Tichotsereni mantha, mutipatse ludzu lofuna Inu nokha. Amayi Maria, tiphunzitseni kusunga Mawu mumtima. Benedict Daswa Wodala, mutipempherere ife. Amen.