Kutemberera si kutukwana

Pamsika wa Golomoti, pomwe msewu wa Khwekhwerere umadzakumana ndi wa M5, ndinamva mayi wina akukalipira mbuzi yomwe inamudyera tomato: "Chotembereredwa iwe!" Tonse tinaseka, koma agogo anga akanakhalapo akanagwira pakamwa. Kwa iwo temberero silinali mawu oponyera mbuzi. Kutukwana angatukwane aliyense, ngakhale chidakwa cha kachasu, mawa n'kuiwalika. Kutemberera kumafuna munthu amene uli m'manja mwake, mayi wokubala kapena atsibweni, ndipo mawuwo akatuluka amakutsata ngakhale uthawire ku Joni, kufikira utabwera kudzagwada, mwini wake n'kuwabweza ndi pakamwa pomwepo. Lero tangosakaniza temberero, malodza, mdulo ndi chonyansa mumphika umodzi. Malodza ndi chizindikiro chabe, chokuchenjeza kuti kutsogoloku kuli zovuta. Mdulo umabwera wina akalakwira mwambo, monga kuthira mchere m'ndiwo ali wotentha. Chonyansa ndiye chimangokuipira m'maso. Temberero lokha ndilo lili ndi mwini. N'chifukwa chake ndimawagomera omasulira Buku Lopatulika la 1922, omwe pofuna kumasulira liwu la Chigiriki lakuti anathema m'kalata ya Paulo kwa Agalatiya anatola liwu lathu lomweli la temberero, ngakhale kuti kwa Agiriki akale liwulo linkatanthauza chinthu chopatulidwira mulungu, mbali yomwe lathuli lilibe. Mbuzi ija, kunena zoona, inangopukusa mutu n'kulowera kwa ogulitsa kabichi.

Wanu, Mlonda wa Pamphambano