Rimu ikakana kulowa ibwezeni, musapale mabuleki

Abale ndi alongo a pagulu lino, madalaivala ndi eni galimoto, lero tiyeni tiuzane zoona ngakhale ena akwiye. Kuno ku Chikanga kwafala chizolowezi choipa. Munthu wabwera ndi marimu onyezimira kuchokera ku Musina kapena ku Joni, akuvalika pa galimoto, rimu ikukhula kalipa ya buleki. M'malo moibweza, makaniko wa pansi pa mtengo akutenga gulayinda n'kuyamba kupala kalipayo. Wina akuunjika mawashala kumbuyo kwa rimu kuti italikireko. Ife tikukana zimenezi, ndipo amene akuchita ntchito yotereyi asatchedwe makaniko.

Kalipa ndi chitsulo chimene chimapana mapadi pa disiki mukaponda buleki. Amene anaipanga anaipatsa kunenepa kumeneko kuti ipirire mphamvu ndi kutentha. Mukaipala yafooka basi, palibe kubwezeretsa. Tsono ganizirani kumene timayenda. Kuchokera ku Harare polowa mu Mutare timatsika Christmas Pass, Hiace itadzaza mabelo mpaka kudenga, phazi lili pa buleki. Mukatuluka pa Forbes muli ndi Machipanda, Vanduzi, Catandica, Changara, Tete, mpaka Zobue ndi Mwanza. Kalipa ikang'ambika pakati pa tchire mudzaimbira ndani?

Tikudziwa zimene ena ayankhe. "Achimwene, tangochotsa pang'ono." Pang'ono pamenepo munayeza ndi chiyani? Maso? Wina ati, "Yanga ndayenda nayo chaka chathunthu." Mwayenda ndi mwayi, ndipo mwayi wanuwo musaugulitse kwa mnzanu wonyamula ana a eni. Wina ati wogulitsa sabweza ndalama. Ndiye chifukwa chake timayeza tisanalipire. Safunsa anadya phula.

Kuseri kwa rimu iliyonse yabwino kuli manambala. Awerengeni.

Choyamba ndi PCD, kutanthauza kuchuluka kwa mabowo ndi kutalikirana kwake. Honda Fit ndi Probox ndi 4x100, Wish zambiri ndi 5x100, Hilux ya mabawuti 6 ndi Hiace ya H200 ndi 6x139.7. Rimu ya Benz ya 5x112 imaoneka ngati ilowa pa 5x114.3, koma mukaikakamiza mabawuti amapindika, tsiku lina adzathyoka.

Chachiwiri ndi bowo la pakati. Probox ndi 54.1mm, Fit ndi 56.1mm. Bowo likakula, ikani mphete yoyenera kuti rimu ikhale pakati penipeni, apo ayi chiwongolero chizinjenjemera.

Chachitatu ndi ET. Nambala ikakwera, rimu imalowa mkati. Ikatsika, rimu imatuluka kunja ndipo tayala limayamba kudya bodi mukasenza katundu. Koma ET yokha sikwanira: marimu awiri a ET imodzi, ina ipita bwino, ina ikhula kalipa, chifukwa miyendo yake inapindika mosiyana.

Chachinayi, a ma Hiace ndi ma Caravan, funani nambala ya kulemera kumene rimu imanyamula. Pa marimu a ku Japan onani chizindikiro cha JWL-T, cha galimoto zonyamula katundu. Rimu yokongola yosalemba kanthu ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Manambala akagwirizana, kwezani galimoto pa jeke, valikani rimu imodzi kutsogolo, mangani manati, zungulizani ndi dzanja. Pakati pa kalipa ndi rimu pakhale mpata wosachepera 3mm paliponse, kumbali ndi pamwamba pomwe. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku. Onaninso timiyala ta balansi timene amamata mkati mwa rimu, nthawi zambiri ndi timene timagunda. Ndipo mverani ichi, ambiri chimawapusitsa: pa galimoto zathu zambiri kalipa imasuntha. Mapadi akatha imalowa mkati, mukaika atsopano imabwerera kunja. Rimu imene yapita mwamwayi lero pa mapadi akutha idzakhula tsiku losintha mapadi. Yezani mapadi ali atsopano.

Nanga sipesa? Sitikuti ndi yoletsedwa, koma ikhale chitsulo chimodzi chosemedwa bwino, chokhala pa habu ndendende, osati mulu wa mawashala. Werengani nokha: bawuti ya Toyota zambiri ndi M12x1.5, ndiye nati iyenera kulowa 12mm, kutanthauza kuzungulira kasanu ndi katatu. Sipesa ya 5mm yadya kale maulendo atatu ndi kupitirira. Mukaika sipesa osasintha mabawuti kukhala aatali, tayala lanu lagwira ndi nsonga chabe. Manati nawonso asiyana: a Nissan ndi M12x1.25, a Honda ndi obulungira pansi, marimu ambiri ogula padera amafuna osongoka. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, imani mumangenso.

Kwa inu amalonda anzathu obweretsa marimu: mukamaika zithunzi pagulu pano lembani saizi, PCD, ET ndi bowo la pakati. Mawu akuti "imalowa galimoto iliyonse" ndi bodza, rimu yotero kulibe. Lolani wogula ayeze asanalipire. Kasitomala amene mwamuuza zoona lero adzabweranso mawa, ndipo adzabwera ndi mnzake.

Kwa inu mabwana eni galimoto: dalaivala wanu akakana kunyamuka ndi kalipa yopalidwa, musamunene kuti ndi wamantha. Akuteteza galimoto yanu, katundu wa anthu ndi moyo wake. Rimu ya chitsulo imene inabwera ndi galimoto siikongola, koma imafika ku Blantyre n'kubwerako.

Tumizirani anzanu a m'magulu ena, makamaka amene akunyamuka sabata ino. Muyende bwino nonse.